Ola Limene Siham Analiona

Mutu 6

1. Msuweni

Siham sankadwala. Ndiyambe ndanena zimenezi chifukwa amayi ake, Lalla Rabia, anali atamukokera kale kwa dokotala, ndipo dokotalayo sanapeze kanthu. Magazi anali bwino, mtima unali bwino. Chimene chinalipo n'chakuti mtsikanayu anali atasiya kumva zinthu. Ukamuuza nkhani yoseketsa ankangoti, "Eya." Ukamuuza za maliro ankatinso, "Eya."

Kale sanali wotero. Mu Meknes muno, m'dziko la Moroko, kapena ndingoti mumsewu wathu, munalibe mwana wamakani ngati Siham. Atamaliza sukulu ya zamakompyuta analembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu a pafoni. Miyezi yoyamba ankafika kunyumba pakamwa pali potentha, n'kumafotokozera amayi ake zinthu zimene iwo sankazimva n'komwe.

Kenako ku ofesi kunabwera chida cha AI, chija umangochiuza zimene ukufuna icho n'kukulembera pulogalamu yonse usanamalize kumwa tiyi. Anyamata a pa ofesipo anachitcha Msuweni, poti pabanja lililonse pamakhala msuweni mmodzi wodziwa zonse, amene chibadwire sananenepo kuti "sindikudziwa."

Bwana wa kampaniyo ataona liwiro la Msuweni, mutu unamuzungulira. Ntchito ya mwezi anayamba kuifuna pa sabata, ya sabata n'kumaifuna mawa. Poyamba Siham ankawerenga mzere uliwonse umene Msuweni walemba asanadine batani lovomereza. Kenako ankawerenga theka. Mapeto ake ankangodina.

Bwana ankamuyamikira pamaso pa anzake kuti ndi wachangu, ndipo kuyamikirako n'kumene kunkamudya. Tsiku lina anayesa kulemba kanthu kakang'ono payekha, zala zake n'kungoima pamabatani. Kuyambira pamenepo anakhulupirira kuti iye sadziwa kanthu, ndipo ankangodikira tsiku limene anthu adzatulukire zimenezo n'kumulanda ntchito.

2. Chenjezo la amayi

Ntchito yaikulu imene Siham anali atangoimaliza inali ya bungwe lina la m'tauni muno, limene m'mwezi wa Ramazani limaphikira okalamba okhala okha futuru, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa. Chakudyacho chimanyamulidwa ndi anyamata a njinga zamoto. Pulogalamu ya Siham inkayenera kuwerengera nthawi yolowa dzuwa, kenako n'kutumiza pa foni ya mnyamata aliyense mayina a nyumba zimene apiteko. Uthengawo usanafike, palibe akanadziwa kopita.

Mmodzi wa okalambawo anali Lalla Zhor, amene khomo lawo limayang'anizana ndi la kwa Siham. Ana awo onse ali kutsidya kwa nyanja. Lalla Rabia anali atawaitana kuti azidzamasulira kwawo, koma agogowo anakana monyadira. Ankauza aliyense wodutsa kuti chaka chino chakudya chawo chizibwera ndi foni ya Siham, mwana amene iwo anamusambitsapo ali khanda.

M'mawa wa tsiku loyamba la Ramazani, Siham akuvala nsapato, amayi ake anaimirira pakhomo n'kutsekereza njira.

"Khala kaye pansi," iwo anatero. "Chakudya cha m'bandakucha sunachikhudze. Lero anthu tonse tasala chifukwa cha Mulungu, koma iwe unayamba kusala kalekale popanda wokutuma. Ine sindidziwa makompyuta, koma mwana wanga ndimamudziwa. Unkati ukakwiya nyumba yonse inkadziwa. Unkati ukaseka Lalla Zhor ankafunsa kuti kwagwanji. Panopa umalowa muno ngati mlendo wodzalipira chipinda. Kutopa kwa thupi kumatha ndi tulo, Siham, koma kutopa kwako ndi kwamtundu wina, ndipo sikutha ukamakubisa. Ngati katundu wakulemera, uza amene anakusenzetsa. Munthu wonena kuti watopa amanyozedwa tsiku limodzi. Wosanena amadzagwa pamalo poti anthu ena apwetekere limodzi naye. Ukundimva?"

"Eya, amayi."

"Eya, eya. Nkhuku yomwe imayankha bwino kuposa iwe. Pita, uchedwa."

Potuluka anapeza Lalla Zhor akusesa pakhomo pawo. Agogowo anamuitana n'kumuonetsa kambale kadothi kamene anali atakatsuka kale, kodikira msuzi wa harira madzulo. Siham anawapsompsona pamphumi monga mwa masiku onse, koma sanamve kalikonse.

3. Wotchi ya pakhoma

Ku ofesi anapeza Si Abdelhak atakwera pampando, akulimbana ndi wotchi ya pakhoma. Monga chaka chilichonse, boma linali litabweza nthawi m'mbuyo ndi ola limodzi chifukwa cha Ramazani. Mafoni anali atasintha okha Lamlungu, koma wotchi ya pa ofesiyi inkadikira munthu, ndipo munthuyo nthawi zonse ankakhala Si Abdelhak.

Iwowa ndiwo anali wamkulu wa olemba mapulogalamu onse, bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati kuti mawu amagula. Anali atayamba ntchitoyi Siham asanabadwe.

Anas, mnyamata wokhala tebulo loyandikana ndi la Siham, anali atayamba kale kudandaula za khofi. Iye ndi amene anali atakweza pulogalamu ya futuru pa intaneti dzulo lake, Siham atamuuza kuti yatha. Anapempha Si Abdelhak kuti m'malo mobweza wotchiyo aipititse patsogolo, mwina hafu sikisi, nthawi yomasula kusala, ingafike msanga.

"Iwe Anas, kusala sikunafike n'komwe pakati wayamba kale kulira," Si Abdelhak anatero akutsika pampando. "Pofika tsiku lachitatu tidzakunyamula pa machira."

Onse anaseka kupatula Siham. Si Abdelhak anaona zimenezo. Anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, n'kumufunsa motsitsa mawu ngati pulogalamu ya futuru anaiwerenga yonse asanaipereke. Siham anayankha kuti anaiwerenga. Linali bodza, ndipo linatuluka mosavuta ngati moni.

"Chabwino," iwo anatero. "Koma ndikuuze kanthu, mwana wanga, ungakonde usakonde. Ine Msuweni sindidana naye. Ndimamugwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo amandithandiza. Koma Msuweni sanasalepo kudya. Sanaimepo pakhomo kudikira munthu. Anawerenga mabuku a dziko lonse, koma mumsewu mwanu sanadutsemo. Iwe ndiwe unadutsamo, ndipo n'chifukwa chake kampani inalemba iwe. Ukadina batani lija, ndiye kuti wanena kuti, ndaona ndi maso anga, izi ndi zanga. Ndikudziwa kuti bwana akukuthamangitsani, ndipo ndamuuza kangapo. Ine ndili ndi msinkhu wako ndinagwirapo ntchito mpaka tsiku lina ndinakhala m'galimoto osadziwa kuti ndikupita kuti. Anandipeza ndi mlonda. Sindifuna zimenezo zikuchitikire. Ukatopa, bwera undiuze. Ukakayika, bwera undifunse. Funso silichotsetsa munthu ntchito pano."

Siham anayang'ana patebulo n'kuyankha kuti wamva.

4. Hafu seveni

Masana, pofuna kungoonetsa kuti akugwira ntchito, Siham anatsegula pulogalamu ya futuru. Pamwamba penipeni panalembedwa nthawi yolowa dzuwa lero. Panali hafu seveni.

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ana foni yake. Mu Meknes monse, ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga ankadziwa kuti lero mzinga womasulira uwomba hafu sikisi. Anas yekha anali atatchula nthawiyo mwina kakhumi kuyambira m'mawa. Ngati pulogalamuyo inkaganiza kuti dzuwa lilowa hafu seveni, ndiye kuti uthenga wopita kwa anyamata a njinga ukanachedwa ndi ola lathunthu.

Siham wakale akanadumpha pampando. Siham wa lero anafunsa Msuweni.

Msuweni anayamba ndi kumuyamikira kuti wafunsa funso lanzeru. Kenako anafotokoza modekha kuti nthawi ya dziko la Moroko imakhala patsogolo ndi ola limodzi chaka chonse poyerekeza ndi nthawi imene makompyuta amayambira kuwerengera, choncho iye anawonjezera olalo ndipo zonse zili m'malo mwake.

Siham analemba kuti koma uno ndi mwezi wa Ramazani. Msuweni anapepesa mwaulemu, n'kunena kuti Siham akunena zoona, ndipo nthawi yomweyo anatulutsa mizere yatsopano yambirimbiri yosintha mbali zosiyanasiyana za pulogalamuyo. Siham anaitsitsa, naitsitsabe, osafika kumapeto. Sankadziwa ngati mizereyo ikonza kapena iwononga zina, poti nyumba imene inkakonzedwayo iye anali asanalowemo.

Ndiye anafunsanso. Analemba kuti mwina poyamba paja zinali bwino, mwina pali pena pamene olalo likuchotsedwa. Msuweni anati apanso Siham akunena zoona, n'zotheka ndithu.

Apa m'pamene zinthu zinaima. Msuweni anali atavomera mbali zonse ziwiri, ndipo woweruza anatsala Siham yekha. Koma Siham anali atasiya kale kukhulupirira maso ake. Si Abdelhak anali pomwepo, matebulo awiri okha kuchokera pamene iye anakhala. Kukawafunsa kukanatanthauza kuvomera kuti m'mawa uja anawanamiza, ndiponso kuti mtsikana wachangu uja sadziwa zimene zili m'pulogalamu yake.

Sanadine batani lovomereza, sanadinenso lokana. Anangokhala. M'Ramazani maofesi amatseka msanga, ndipo anzake atayamba kulongedza, nayenso anapinda kompyuta yake n'kuiika m'chikwama.

Akudutsa pa tebulo la Si Abdelhak, iwo anakweza mutu n'kumufunsa ngati zonse zili bwino.

"Eya," Siham anatero.

5. Mzinga

Amene anakhalapo kuno amadziwa mmene tauni imakhalira dzuwa likamapendeka tsiku loyamba la Ramazani. Madalaivala amatukwanana ndi mawu ouma, ogulitsa buledi amatha katundu, kenako mwadzidzidzi misewu imangoti zii. Fungo la harira limatuluka pawindo lililonse.

Kwa Siham tebulo linali lodzaza. Panali harira, zipatso za tende, mazira owiritsa ndi makeke a shebakiya onyezimira ndi uchi. Bambo ake anali atagwira kale tende m'manja, khutu lili kunja. Siham anakhala pamalo pake. Tsiku lonse anali asanamve njala ngakhale pang'ono.

Mzinga unawomba. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero. Bambo anatchula dzina la Mulungu n'kuluma tende wawo.

Lalla Rabia ndi amene anasuzumira pawindo, mwina pofuna kuona mnyamata wa njinga akuchoka. Anaika kapu pansi, n'kutenga mphika wa harira ndi nsalu, n'kutuluka panja. Siham anawatsatira.

Lalla Zhor anali atakhala pa sitepe ya pakhomo pawo, atavala mpango wawo woyera wa pa zikondwerero, kambale kadothi kaja kali pamiyendo. Anali asanamwe ngakhale madzi, poti ankafuna kumasula ndi chakudya cha Siham.

Lalla Rabia anawamwetsa madzi, n'kuwathirira msuzi, uku akuwakalipira kuti munthu wamkulu sachita zimenezi. Agogowo atamwa pang'ono anayang'ana Siham n'kumwetulira.

"Usadandaule, mwana wanga," iwo anatero. "Anyamata a njingawa ndi aulesi. Foni yako singalakwitse."

Siham anaima pomwepo manja ali lende. Lalla Zhor anali ndi mwayi wokhala moyang'anizana ndi Lalla Rabia. Koma m'tauni yonseyi munali makomo ena ambiri otsegula, ndipo si onse amene anali ndi mnansi wosuzumira pawindo.

6. Foni

Foni yake inayamba kunjenjemera m'thumba. Pagulu la ku ofesi mauthenga ankagwa motsatizana. A ku bungwe lija anali ataimbira bwana kuti miphika yadzaza, anyamata ali panjinga, koma palibe akudziwa kopita. Ena anali atanyamuka mongoganizira. Agogo ena a ku Bab Berdaine anali atakomoka, ndipo anansi anawatengera kuchipatala.

Bwana anali atapeza kale wolakwa. Analemba kuti Anas ndiye anakweza pulogalamuyo, ndiye kuti pena pake anasokoneza, poti ntchito ya Siham sinavutepo. Anawonjezera kuti Anas asavutike n'kubwera mawa. Anas anayankha kuti akupepesa, ngakhale sakudziwa chimene walakwa.

Palibe amene ankafunsa Siham kanthu. Akanatha kulowa m'nyumba n'kukadya shebakiya wake.

Anapita kukaima pakona ya msewu, pamene pali mpope wakale, n'kuimbira Si Abdelhak. Anayankha ali ndi chakudya m'kamwa.

"Si Abdelhak, si Anas. Ndine."

Iwo anameza, n'kumuuza kuti apitirize.

"Pulogalamu ija sindinaiwerenge. Ndinakunamizani. Ikuwonjezera ola chifukwa sikudziwa za Ramazani. Ndinaona masana, hafu seveni, ndi maso angawa. Ndinafunsa Msuweni, kenako ndinatseka n'kubwera kunyumba."

"Unaona masana?"

"Ndinaona."

"Ine ndili pomwepo?"

"Muli pomwepo."

Kunyumba kwawoko kunkamveka masipuni akugunda mbale. Atayambanso kulankhula, mawu awo sanakwere.

"Kusawerengako ndikanakumvetsa, chifukwa ndikudziwa amene anakuthamangitsa, ndipo naye ndikalankhula naye. Nanenso ndili ndi mbali yanga, poti ndinakhutira ndi eya wako osatsegula ndekha. Koma iwe unaona choona, n'kupita kukapempha chilolezo kwa makina kuti ukhulupirire maso ako. Wakhala ukuganiza kuti sudziwa kanthu. Lero mu ofesi yonse munthu mmodzi yekha ndi amene anadziwa, ndipo anali iwe. Zimenezo uzikumbukire pamodzi ndi manyazi akowo, usataye chimodzi. Tsopano tamvera. Ndiimbira bwana kuti amusiye Anas. Akafuna kuchotsa iwe, ndimupempha tsiku limodzi. Mawa ubwere m'mawa. Msuweni ndikamutseka pa kompyuta yako. Ukawerenga pulogalamu yonse kuyambira pamwamba, ukapeza pamene pali ola limenelo, ukakonza ndi zala zako. Ine ndikhala pambali pako, koma manja anga akhala m'thumba."

"Nanga ndikalephera?" Siham anafunsa. "Papita miyezi ndisanalembe mzere ndekha."

"Likamadzaitanidwa pemphero la masana usanamalize, ndidzakonza ndine, chifukwa agogo aja sangadikirenso kachiwiri. Zikadzatero udzasiya kompyutayo patebulo langa. Wadya?"

Siham anati sanadye.

"Kadye. Anthu anamasula kalekale."

Foni inaduka. Chakumunsi kwa msewu kunamveka kulira kwa njinga yamoto. Mnyamata wa bungwe lija anaima pakhomo pa Lalla Zhor thukuta lili kamukamu, atanyamula chakudya chozizira, ndipo agogowo anayamba kumulalatira kuti ndi waulesi, akuchititsa manyazi mwana wa eni ake.

Siham anawoloka msewu. Mantha anali atamugwira, ndipo anayamba kumva njala imene anali asanaimve kwa miyezi. Anagwada pafupi ndi sitepe ija n'kugwira dzanja la agogowo.

"Musamukalipire, Lalla," iye anatero. "Amene wakuchedwetserani chakudya ndine."

Lalla Zhor anamuyang'ana. Kenako anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kutenga kambale kadothi kaja, n'kukaika m'manja mwa Siham.

"Ndiye mawa ukabweretse wekha," iwo anatero. "Mzinga usanawombe."